Maservo, mchira ndi sikelo: kuyendetsa timapiko popanda kulemetsa ndege

Munthu akayamba kumanga ndege yaing'ono yoyendetsedwa ndi wailesi, funso limene limamufikira msanga ndi lakuti agule maservo (timakina tating'ono togwedeza timapiko towongolera ndege) amphamvu bwanji, ndipo malangizo amene amawamva kawirikawiri ndi akuti agule amphamvu kwambiri amene angakwanitse, poti mphamvu yotsala siononga kanthu. Malangizo amenewa amamveka anzeru ndegeyo ikadali patebulo, koma ikafika m'mwamba amaonetsa mbali yake ina, chifukwa servo yamphamvu imakhala yolemera, imadya magetsi ambiri, ndipo kulemera kwake kumavuta mosiyana malinga ndi pamene yaikidwa. Magalamu 10 oikidwa pansi pa phiko amakhala magalamu 10 basi, pamene magalamu 10 omwewo oikidwa kumchira amasanduka 40 kapena kupitirira apo ndegeyo ikamadzalinganizidwa kuti iuluke bwino. Pa chifukwa chimenechi servo iyenera kusankhidwa pamodzi ndi ndodo imene idzakankhe, magetsi amene adzaidyetse, malo amene idzakhale, ndi liwiro limene ndegeyo idzaulukire.

Ntchito ya servo ndi kugwedeza timapiko towongolera ndege: elevator ya kumchira imene imakweza ndi kutsitsa mphuno, ma aileron a kumbuyo kwa mapiko amene amapendeketsa ndege, ndi rudder, imene ili ngati tsigiro la ngalawa. Mkati mwa kabokosi kake muli mota yaing'ono yozungulira mofulumira kwambiri koma yochepa mphamvu, magiya angapo amene amachepetsa liwirolo n'kulisandutsa mphamvu, kachipangizo kotchedwa potentiometer kamene kamadziwa pamene mkono wa servo wafika, ndi kabolodi kamagetsi koyerekeza malo amene mkonowo uli ndi malo amene woyendetsa akufuna. Mawaya ake ndi atatu: wofiira wobweretsa magetsi, wakuda kapena wabulauni wobwezera, ndi wachitatu, woyera kapena wachikasu, wonyamula uthenga. Uthengawo ndi kugunda kwa magetsi kumene kumabwera pafupifupi ka 50 pa sekondi imodzi, ndipo kutalika kwa kugunda kulikonse ndiko kumauza servo poima: mamilisekondi 1.5 ndi pakati, 1 ndi mapeto a mbali imodzi, 2 ndi mapeto a mbali inayo. Mpweya ukakankha kaphiko n'kusuntha mkono pang'ono, kabolodi kamaona kusiyanako n'kuyatsa mota kuti ibwezere mkonowo pamalo pake, motero servo imakhala pa ntchito ngakhale woyendetsa sakusuntha chala. Ndege zambiri zazing'ono zotere za m'zaka za m'ma 1950 zinalibe mwayi umenewu, pakuti zinkawongoleredwa ndi kachipangizo koyendera labala wopotedwa kamene kankakhotetsa rudder mpaka mapeto kapena kuibwezera pakati, ndipo zipangizo zotsatira chala cha woyendetsa pang'onopang'ono zinafala m'zaka za m'ma 1960.

Pa paketi ya servo pamalembedwa manambala awiri ofunika. Yoyamba ndi mphamvu yopotola, imene amaitcha torque, ndipo imalembedwa m'makilogalamu ochulukitsa ndi masentimita (kg·cm). Servo ya 2 kg·cm ingathe kugwira makilogalamu 2 opachikidwa sentimita imodzi kuchokera pakati pa mkono wake, koma katundu yemweyo akapachikidwa masentimita awiri kuchokera pakati, ingathe kugwira kilogalamu imodzi yokha. Opanga ena amalemba m'ma ounce ochulukitsa ndi mainchi, ndipo 1 kg·cm ndi pafupifupi 14 mwa amenewo. Nambala yachiwiri ndi liwiro, lomwe ndi nthawi imene mkono umatenga kuzungulira madigiri 60 usakunyamula kanthu. Servo yakale yodziwika kwambiri ya Futaba S3003, yolemera magalamu 37, imalembedwa kuti imapereka 3.2 kg·cm pa mavolti 4.8 ndi 4.1 kg·cm pa mavolti 6, ndipo imazungulira madigiri 60 m'masekondi 0.23 kapena 0.19 motsatira mavolti omwewo. Tiservo ta magalamu 9 ta mtundu wa SG90 timalembedwa pafupifupi 1.8 kg·cm. Chofunika kukumbukira ndi chakuti nambala ya torque imayezedwa servo itaima chifukwa katundu waigonjetsa, ikukoka magetsi ochuluka zedi ndiponso ikutentha. Palibe servo imene iyenera kugwira ntchito tsiku ndi tsiku pafupi ndi nambala imeneyo, ndipo ine ndimaona kuti n'kwanzeru kudalira theka lake lokha.

Nanga mpweya umakankha kaphiko ndi mphamvu yochuluka bwanji? Kuwerengera kwake kwenikweni n'kovuta, koma kuyerekeza kothandiza kulipo. Mpweya wa pafupi ndi nyanja yaikulu umalemera makilogalamu 1.225 pa kyubiki mita imodzi, ndipo ndege youluka mamita 25 pa sekondi, omwe ndi makilomita 90 pa ola, imakumana ndi mpweya wokankha ngati makilogalamu 39 pa sikweya mita. Elevator yotalika masentimita 40 ndi yotambalala masentimita 5 ndi gawo limodzi mwa magawo 50 a sikweya mita, choncho ikapindidwa kwambiri ingasenze pafupifupi magalamu 800. Katunduyo amagwera pafupifupi pa gawo limodzi mwa atatu a kutambalala kwake kuchokera pa mahinjesi, masentimita 1.7, ndipo zotsatira zake ndi 1.3 kg·cm. Ichi n'chifukwa chake kaservo ka magalamu 9 kamakwanira pa ndege zambiri zopepuka zouluka pang'onopang'ono, ngakhale kakuoneka ngati choseweretsa. Koma mphamvu ya mpweya imakula mowirikiza liwiro ndi liwiro lomwe: liwiro likawirikiza kawiri, katundu amawirikiza kanayi. Ndege yomweyo ikatsika chamutu n'kufika mamita 50 pa sekondi, elevator ija imafuna kupitirira 5 kg·cm, ndipo imafuna zimenezi pa nthawi imene woyendetsa akuikoka kuti ipulumuke pansi. Kutambalala kwa kaphiko nakonso kumawerengedwa kawiri, chifukwa kaphiko kotambalala kamagwira mpweya wambiri komanso kamaugwirira kutali ndi mahinjesi. Motero ndege yolemera kilogalamu imodzi yochita masewera am'mwamba, yokhala ndi timapiko tikulutikulu, ingafune servo yamphamvu kuposa ndege yophunzirira yolemera makilogalamu awiri, ndipo kusankha servo poyang'ana kulemera kwa ndege kokha kumasocheretsa.

Mphamvu imene servo ili nayo ingathe kuchulukitsidwa kapena kutayidwa pa ndodo yolumikiza mkono wake ndi kanyanga ka pa kaphiko, ndipo apa ndi pamene omanga ambiri amataya kwaulere chimene analipira ndi ndalama komanso ndi magalamu. Mkono wa servo uli ndi mabowo angapo, kanyanga nakonso chimodzimodzi. Ndodo ikalowa bowo lamkati pa mkono wa servo ndi bowo lakunja pa kanyanga, servo imayenda ulendo wautali kuti kaphiko kayende ulendo waufupi, ndipo mphamvu yofika pa kaphiko imachuluka. Ngati servo izungulira madigiri 45 kuti elevator ipindike madigiri 22 okha, servoyo imangomva pafupifupi theka la katundu wa pa mahinjesi. Cholakwa chofala ndi kulumikiza ndodo pa bowo lakunja la mkono, kuona kuti kaphiko kakupindika mopitirira muyeso, kenako n'kuchepetsa ulendo wa servo pa wailesi ya m'manja mpaka 40 peresenti. Kaphiko kamayenda monga kafunikira, koma mphamvu yachepa ndi kupitirira theka, kulondola kwachepa, ndipo kulekera kulikonse kwa m'magiya kwakulitsidwa pofika pa kaphiko. Womanga wotere akaona elevator ikugonjera mpweya amathamangira kugula servo yaikulu, pamene kusuntha ndodo bowo limodzi kapena awiri kukanathetsa vutolo popanda kuwonjezera galamu. Mikono ya maservo nayonso siisinthana mwachisawawa, chifukwa mano a pa nsonga yozungulira amasiyana: pa maservo a kukula kwanthawi zonse a Futaba ndi 25, a Hitec 24, a JR 23, ndipo mkono wolakwika wokakamizidwa umagwira patebulo n'kudzaterereka m'mwamba.

Magiya a pulasitiki ndi opepuka, amalumana bwino popanda kulekera, ndipo amatha pang'onopang'ono, koma dzino limathyoka kaphiko kakagundidwa, kaya potera kapena polowetsa ndege pakhomo. Magiya achitsulo sathyoka msanga koma amawonjezera kulemera, monga mmene MG90S imalemera pafupifupi magalamu 13 pamene inzake ya pulasitiki ili 9, ndipo pakapita nthawi amayamba kulekera. Malo ake enieni ndi rudder yolumikizidwa ndi gudumu la kumchira, timapiko ta ndege zotera ndi mimba, ndi ndege za injini ya mafuta zimene zimanjenjemera nthawi zonse. Kusiyana kwa servo ya analog ndi ya digital kuli pa kabolodi: ya analog imakankha mota yake pafupifupi ka 50 pa sekondi, ya digital ka 300 kapena kupitirira, choncho ya digital imagwira kaphiko mwamphamvu ngakhale kasunthidwa pang'ono chabe, pamene ya analog imayamba mofewa n'kulimba kusiyanako kukakula. Mtengo wa ubwino umenewu ndi magetsi. Pali khalidwe lina limene silimalembedwa kawirikawiri pa paketi, komatu ndilo ndimaliona lofunika koposa liwiro: kubwerera pakati penipeni nthawi zonse. Servo imene imaima malo ena ikachokera kumwamba ndi malo enanso ikachokera kumunsi imachititsa kuti ndege ikane kuuluka mowongoka, ndipo wophunzira amadziimba mlandu pa vuto limene si lake. Ngati ndalama zilola servo imodzi yokha yabwino, ipite ku elevator. Ndege yotaya rudder imatera, yotaya aileron imodzi mwa ziwiri nthawi zambiri imateranso, koma yotaya elevator kawirikawiri siibwerera yathunthu.

Servo iliyonse imadalira magetsi oichokera kwina, ndipo pa ndege zambiri zoyendera batire magetsiwo amachokera ku kagawo kotchedwa BEC, kamene kali mkati mwa chipangizo cholamulira liwiro la mota yaikulu. BEC imatsitsa mavolti a batire kufika 5 kapena 6. Ya mtundu wakale imachita zimenezi posandutsa mavolti otsalawo kukhala kutentha: pa batire ya LiPo ya maselo atatu, ya mavolti 11.1, ampu imodzi yopita ku maservo imatanthauza mawati 6 otenthetsa kachipangizo kakang'ono ngati chikhadabo, ndipo batire ikakhala ya maselo ambiri vutolo limakula. Kaservo ka magalamu 9 kakakakamizidwa kamakoka kupitirira theka la ampu, ndipo servo yaikulu ya digital imakoka maampu awiri kapena kupitirira. Maservo anayi akakoka nthawi imodzi mavolti amagwa, ndipo akafika pafupi ndi 3.5 risiva ya 2.4 GHz, kachipangizo ka m'ndege kolandira uthenga wa wailesi, imazima n'kuyambanso. Kwa kanthawi kameneko ndege imakhala yopanda woiyendetsa, ndipo ikagwa zonse zimapezeka zikugwira ntchito bwinobwino pansi, kotero mwini wake amangoti wailesi inasokonezedwa. Apa ndipo zimaonekera kuti servo yamphamvu mopitirira muyeso ingathe kuchepetsa chitetezo m'malo mochiwonjezera, pokhapokha itabwera ndi BEC yaikulu kapena batire yakeyake, zomwe ndi magalamu enanso. Maservo otchedwa high voltage amalandira mavolti 7.4 molunjika kuchokera ku maselo awiri a LiPo, koma servo wamba ya mavolti 6 ikalumikizidwa pamenepo ingathe kupsa.

Tsopano tifike pa kulemera kwenikweniko. Chimene phiko limamva ndi kuchuluka kwa magalamu amene kagawo kake kalikonse kakunyamula, ndipo omanga amawerenga zimenezi m'magalamu pa sikweya desimita, kutanthauza kabwalo ka masentimita 10 mbali zonse. Phiko lotalika masentimita 125 ndi lotambalala masentimita 20 lili ndi timabwalo 25 totere, ndipo ndege yake ikalemera magalamu 1,000 kabwalo kalikonse kamanyamula 40. Phiko lotere limasiya kunyamula ndegeyo liwiro likatsika kufika pafupifupi mamita 8 pa sekondi, makilomita 29 pa ola, ndipo ili ndilo liwiro limene limalamulira kanyamukidwe ndi kateredwe. Kulemera kukawonjezeka ndi 21 peresenti, kufika magalamu 1,210, liwiro lochepetsetsalo limakwera ndi 10 peresenti yokha, zomwe zimaoneka zazing'ono. Koma nyonga imene ndege imafika nayo pansi imadalira kulemera ndi liwiro lowirikizidwa, choncho imakwera ndi pafupifupi 46 peresenti. Miyendo imene inkapirira kutera kolakwika imayamba kupindika, womanga amailimbitsa, kulimbitsako kumawonjezera magalamu, mota imaoneka yofooka, yaikulu imafuna batire yaikulu, ndipo ndege imene inajambulidwa kuti ikhale yofatsa imasanduka yaliwiro ndi yosakhululuka. Pokhota zinthu zimaipirapo, chifukwa ndege yopendekeka madigiri 60 osatsika imalemetsa phiko lake kawiri, ndipo liwiro limene phiko limasiyira kunyamula limakwera ndi 41 peresenti. Ngozi zambiri za ndege zolemera zimachitika pa kukhota komaliza asanatere, pamene liwiro lachepa kale ndipo pansi pali pafupi.

Malo a kulemerako ndi nkhani yaikulu kuposa kuchuluka kwake. Ndege iliyonse ili ndi malo amodzi amene ingakhazikike pa nsonga za zala ziwiri osagwera kutsogolo kapena kumbuyo, ndipo omanga amawatcha CG. Pa ndege za maonekedwe anthawi zonse malowa ayenera kukhala pakati pa 25 ndi 33 peresenti ya kutambalala kwa phiko kuchokera kutsogolo kwake, ndipo pulani ya ndegeyo imasonyeza penipeni. CG ikakhala patsogolo kwambiri ndege imalemera mphuno, imafuna elevator yambiri ndipo imatera mothamanga, komabe imamvera. Ikakhala kumbuyo kwambiri ndege imasiya kudzikonza yokha, kukhudza pang'ono kwa elevator kumaidumphitsa, ndipo phiko likasiya kunyamula imazungulira chamutu mosavuta. Vuto ndi lakuti ndege ili ngati ndodo yokhala pa mwala mosalingana: mphuno ndi yaifupi, mchira ndi wautali. Tiyerekeze kuti malo oikapo servo kumchira ali masentimita 70 kumbuyo kwa CG, ndipo malo akutsogolo kwambiri oikapo mtovu wolinganizira ndege ali masentimita 20 patsogolo pake. Galamu iliyonse ya kumchira imafuna magalamu atatu ndi theka kumphuno. Kusintha tiservo tiwiri ta pulasitiki ndi tiwiri tachitsulo kumawonjezera magalamu 8 okha kumchira, koma kumafuna magalamu 28 a mtovu, ndipo ndege imalemera ndi magalamu 36. Maservo awiri a magalamu 45 atakhala pamalo omwewo angafune magalamu 315, omwe pa ndege ya kilogalamu imodzi ndi pafupifupi gawo limodzi mwa atatu a kulemera kwake konse.

Izi sizitanthauza kuti servo isamakhale kumchira. Servo yokhala pafupi ndi kaphiko imafuna ndodo yaifupi yosapindika, ndipo ulamuliro wake umakhala wolimba ndi wolondola kuposa wa ndodo yaitali. Ndodo yaitali nayonso ili ndi kulemera kwake, kungoti pakati pa kulemerako pamakhala theka la ulendo wopita kumchira, choncho ndodo ya carbon ya magalamu 10 imakoka mchira pafupifupi theka la mmene servo ya magalamu 10 ya kumchira ingakokere, tisanawerenge waya wowonjezera wofikitsa magetsi kumeneko. Ndodo yaitali imafuna zoigwira m'njira, chifukwa imalimba pokoka koma imapindika pokankha, ndipo rudder imayenda bwino ndi zingwe ziwiri zokokerana, zomwe sizilemera pafupifupi kanthu. Ndege yokhala ndi injini yolemera ya petulo nthawi zambiri imalemera mphuno kale, ndipo pamenepo maservo a kumchira amagwira ntchito ziwiri, kuyendetsa timapiko ndi kulinganiza. Njira yabwino ndi kusankha malo a maservo kumapeto: kumanga thupi, mapiko ndi mchira, kuika mota, kenako kuyala maservo ndi batire pamwamba pa ndege ndi selotepi, n'kumazisuntha mpaka CG itafika pamalo pake, bowo lililonse lisanabooledwe. Batire ndiyo chida chachikulu pa ntchito imeneyi, pakuti ya maselo atatu ya 2200 mAh imalemera pafupifupi magalamu 180, ndipo kuisuntha masentimita awiri kumachita zimene magalamu 18 a mtovu kumphuno akanachita. Mtovu ukakhala wosapeweka uikidwe patsogolo penipeni ndipo umangidwe zolimba, chifukwa ndege yolemera pang'ono yokhala ndi CG yolondola imaposa yopepuka yolemera mchira.

Pa mapiko pali chisankho chofanana. Ndege zakale zinkagwiritsa ntchito servo imodzi pakati yoyendetsa ma aileron onse awiri kudzera m'timitengo tachitsulo topindika, ndipo njira imeneyi ikadali yabwino pa ndege zazing'ono. Maservo awiri ang'onoang'ono, imodzi phiko lililonse, nthawi zambiri amalemera mofanana ndi servo imodzi yaikulu pamodzi ndi timitengo take, salekera kwambiri, ndipo amalola kuti aileron yokwera ipindike kuposa yotsika, zomwe zimachepetsa kukokeka kwa mphuno kupita mbali yolakwika pokhota. Asaikidwe kutali kwambiri kunsonga, chifukwa kulemera kwa kunsonga kumachedwetsa ndege kuyamba kupendekeka ndiponso kusiya.

Pali malire amene kupepukitsa sikuyenera kudutsa, ndipo malirewo ndi kunjenjemera kwa timapiko kumene amakutcha flutter. Kaphiko kolekera, kaya chifukwa cha magiya otha, bowo lokula pa kanyanga, ndodo yopindika kapena mahinjesi ofooka, kamafika pa liwiro lina pamene mpweya ndi kupindika kwa phiko zimayamba kukankhirana mobwereza, kambirimbiri pa sekondi imodzi. Pansi kumamveka phokoso lokhala ngati la nsalu yong'ambika kapena la njuchi yaikulu, ndipo m'masekondi ochepa magiya amasweka kapena kaphiko kamachoka. Womva phokoso limeneli achepetse mota nthawi yomweyo n'kutera. Mankhwala ake enieni ndi kuchotsa kulekera konse, kutseka mpata wa pa mahinjesi, ndi kupepukitsa kaphikoko, makamaka kumbuyo kwake, chifukwa kaphiko kolemera kuseri kwa mahinjesi ndiko kamayamba msanga. Servo yogwira mwamphamvu imathandiza, koma siingapulumutse kaphiko kamene kamagwedezeka ndi chala servoyo isanamve kanthu.

Poona zonsezi wina angaganize kuti maservo ndiwo amalemetsa ndege kwambiri, koma sikelo imasonyeza zina. Maservo anayi a magalamu 9 ndi magalamu 36 okha. Kulemera kochuluka kumalowa mwakachetechete kudzera mu guluu wa epoxy wopakidwa mowolowa manja, penti, mawaya aatali opindidwa m'thupi, magudumu aakulu, ndi zolimbitsa zoikidwa chifukwa cha mantha. Guluu wotsalira kunja kwa cholumikizira sawonjezera kulimba. Matabwa a balsa amasiyana kwambiri, moti awiri ofanana kukula angasiyane kulemera kawiri, ndipo womanga wosamala amawayeza n'kusunga opepuka kuti apange mchira, olimba n'kupita ku mizati ya phiko ndi kumphuno. Sikelo yowerenga galamu imodzi imodzi ndi pepala lolembapo chilichonse cholowa m'ndege zimaphunzitsa zambiri kuposa malangizo a wina aliyense, chifukwa munthu akaona kuti mchira wosavekedwa unali magalamu 30 ndipo utavekedwa ndi kupentedwa wafika 55, sadzapentanso mchira mofanana. Ndege imamangidwa kuti ipirire mphamvu za kuuluka ndi kutera, ndipo kuyesa kuimanga kuti ipirire kugwa kumangobweretsa kugwako pafupi. Ndinenenso kuti kupepuka kuli ndi mtengo wake: ndege yopepuka kwambiri imavutika kulowa m'mphepo yamphamvu ndipo imatengeka ndi kamvuluvulu aliyense, n'chifukwa chake oulutsa ndege zopanda injini amawonjezera dala zolemetsa tsiku la mphepo, koma amaziika pa CG penipeni ndipo amatha kuzichotsa.

Amene amapikisana ndiwo aonetsa kutalika kwa nkhani imeneyi. Bungwe la FAI, loyang'anira masewera a ndege padziko lonse, lomwe linakhazikitsidwa mu 1905 ndipo likulu lake lili ku Lausanne, lili ndi gulu la F3K la ndege zopanda injini zoponyedwa ndi dzanja, zimene mapiko ake sapitirira mita imodzi ndi theka ndipo kulemera kwake sikupitirira magalamu 600. Zambiri mwa izo zimalemera pakati pa magalamu 200 ndi 300, komabe tiservo take ta magalamu ochepa timayenera kupirira liwiro lalikulu la pamene ndege ikuponyedwa, choncho opikisana amalipira ndalama zambiri pa kaservo kakang'ono kosalekera. Mu Ogasiti 2003 ndege ya Maynard Hill yotchedwa TAM 5 inaoloka nyanja ya Atlantic kuchokera ku Cape Spear ku Newfoundland kukafika pafupi ndi Clifden ku Ireland, mtunda wa makilomita pafupifupi 3,000, m'maola pafupifupi 39. Malamulo a FAI ankafuna kuti isapitirire makilogalamu 5 pamodzi ndi mafuta, kotero galamu iliyonse yochotsedwa pa thupi inali galamu ya mafuta. Inalibe magudumu, inaponyedwa ndi manja, ndipo inatera mafuta atatsala pang'ono kwambiri. Kumbali ina, malire a magalamu 250, amene ku United States ndege yoseweretsa ikawapitirira iyenera kulembetsedwa ku FAA, bungwe la boma loona za ndege, kuyambira mu 2015, achititsa omanga ambiri kuwerenga galamu iliyonse ndi kugwiritsa ntchito tiservo ta magalamu 4 kapena 5.

Ndege ikatha kumangidwa, chisankho chonse chija chingayesedwe pansi isanaulukepo. Timapiko tiyende mosakakamira ndodo zisanalumikizidwe, moti elevator yokwezedwa ndi chala igwe yokha. Zikalumikizidwa, servo imene ikulira ili pamapeto a ulendo wake ikukankha chinthu chosasuntha, ndipo ulendowo uchepetsedwe mpaka kulirako kutasiya, ngakhale kuti maservo a digital amakhala ndi kaphokoso kawo kopyapyala kamene si vuto. Kaphiko kalikonse kagwiridwe kumbuyo ndi zala ziwiri wailesi ili yoyaka n'kugwedezedwa pang'ono kuti kulekera kuonekere, kenako kakankhidwe mofatsa molimbana ndi servo kuti zioneke ngati ndodo ikupindika. Timitengo tonse ta pa wailesi tisunthidwe nthawi imodzi mofulumira kwa theka la mphindi mota ikuzungulira, munthu wina atagwira ndege kutali ndi pulopela, ndipo ngati nyali ya risiva iphethira kapena maservo aima kanthawi, magetsi ndi osakwanira. CG iyezedwe komaliza ndege ili monga idzaulukire, batire ili mkati ndi yomangidwa. Pa ndege ya mafuta imene thanki yake ili patsogolo pa phiko, iyezedwe thankiyo ili yopanda kanthu, chifukwa mafuta akamatha CG imabwerera m'mbuyo, ndipo ndegeyo idzatera ili choncho.